Mizere Iwiri ya Falesi

Kuno ku Bangwe chaka chimenecho aliyense ali ndi dzina lake lochitchulira. Ena amati chaka cha madeya, ena amati chaka cha madzi. Ine ndimati chaka chimene ndinataya munda, ndipo ndikayamba kuchikamba ndimangopezeka ndaimirira, ndikusesa pamene ndasesa kale. Ana anga amadziwa. Akangomva ndikuti "munda wanga wa m'phiri" amayamba kutuluka mmodzimmodzi.

Mundawo unali kumtunda kwa nyumba zomalizira, pakati pa manda ndi khwawa limene limatsika m'phiri n'kudzadutsa pakati pa nyumba zathu. Tinauswa ndi bambo a Tadala titangofika kuchokera ku Thyolo, mphanje yeniyeni, miyala yokhayokha. Malo a m'phiri alibe pepala. Mwini wake ndi amene khasu lake linayamba kugwapo. Bambowo ndi mlonda ku Limbe, ndipo malipiro a ulonda amathera pakhomo pa landilodi. Tsono chimene chinkatisiyanitsa ndi anthu ogula ufa wa tsiku ndi tsiku chinali kamunda kameneko. Chaka chabwino tinkadya zakumunda mpaka kudutsa Khirisimasi.

Mnzanga Falesi analibe ngakhale pobzala nkhwani. Kwawo kunali ku Phalombe, mwamuna wake anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, ndipo iye ankachita lendi kanyumba ka njerwa zosaotcha kumunsi kwenikweni, m'mphepete mwa khwawa lomwelo. Tinkagulitsa tomato moyandikana pamsika, kulandana makasitomala masana, madzulo n'kubwerera limodzi. Chaka chilichonse nthawi yososa ikafika ankandigwira chitenje.

"Iwe amake Tadala, undigawireko mizere iwiri. Iwiri basi, ndibzaleko maungu."

"Chaka cha mawa," ndinkatero.

"Mawa lakolo linakwera minibasi yopanda mafuta."

Tinkaseka n'kuzisiya. Zinangosanduka moni wathu.

Okutobala

Mvula ya chaka chapitacho inali italowa m'nyumba za kumunsi, kunyowetsa mphasa ndi kutenga mapoto, choncho anthu anapanga komiti ya khwawa. Munalowa aliyense: a m'matchalitchi, a kumzikiti, oumba njerwa, okumba mchenga, amayi a pamsika, mpaka adzukulu okumba manda. Bungwe lina la m'tauni linalonjeza mbande za mitengo ndi chimanga cholipira ogwira ntchito. Tcheya anali a Nyirenda, bambo a ku Rumphi opuma pantchito ya boma, munthu wabwino ndithu, koma wokonda miting'i ngati mmene ena amakondera mowa.

Tinasonkhana pabwalo la sukulu dzuwa likuswa mtengo. A Nyirenda anayamba ndi zoti mutu umodzi susenza denga, ine n'kudziwiratu kuti denga limeneli pali amene limupsinje. Anati madzi amayambira kumtunda, phiri tinalimeta mpala, ndiye minda yonse yogundana ndi khwawa isiyidwe kuti pabzalidwe nsungwi, mitengo ndi udzu wa vetiva wogwira nthaka. Minda ya anzanga inkangodyeka m'mbali. Wanga unali wautali motsata khwawa, ndiye unkalowa wonse.

Ndinaimirira osadikira kulozedwa.

"A tcheya, inu mumalandira penshoni. Penshoni yanga ndi munda umenewo. Ana anga adya nsungwi?"

"Mayi, palibe akukulandani," anatero a Nyirenda. "Koma taonani mizere yanu. Imatsetsereka ndi phiri, madzi sakhalitsa m'munda mwanu."

"Cholinga chake n'chomwecho. Ndikaipingasa amandigumulira."

"Nanga akachoka kwa inu amakagona kuti?"

Kumbuyo kunamveka mawu a Falesi. "Amadzagona kwa ine, ndipo lendi salipira."

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Mapeto ake tinagwirizana kuti ndilime chaka chimodzi chomaliza, koma mizere ndiipingase ndipo a komiti adutsitse vetiva m'munda mwanga. Ndinavomera pakamwa pokha. Mumtima ndinkati chaka chimodzi chimabala chinzake, makomiti amabwera n'kupita. Pobwerera Falesi anandiyankhula njira yonse, ine osamuyankha mpaka pa mpopi.

Novembala

Kutembenuza mizere m'phiri si masewera. Msana unandikumbutsa zaka zanga. A komiti anabwera ndi chingwe ndi timitengo, kuyeza, kukhoma zikhomo, n'kubzala vetiva wawo mopingasa munda wonse. Ndinkawayang'ana ngati anthu ondidula mphini pankhope osandifunsa.

Mvula inachedwa. Chizimalupsa chinangonunkhitsa fumbi n'kupita. M'mawa uliwonse ndinkatuluka kukayang'ana mitambo kumbali ya phiri la Mpingwe, kulowa, kutulukanso, mpaka bambo a Tadala, amene amagona masana chifukwa cha ntchito yawo, anati ndingochotseratu chitseko ngati ndi choncho. Ndinabzala kumapeto kwa mwezi, feteleza wanga wochepa ndikuchita kutsina ngati mchere.

Ntchito ya komiti inayamba mwamphamvu. Ankakumba maenje ogwira madzi, kutchinga zigwembe ndi miyala, kubzala mbande m'mbali zonse ziwiri za khwawa. Falesi analembetsa tsiku loyamba lomwe, pakuti tomato anali atasiya kuyenda. Ndikamalima ndinkamuona akukwera ndi mwala pamutu, kutsika, kukweranso.

"Tabwera udzagwire nafe," ankakuwa. "Kumapeto kwa mwezi kuli chimanga ndi nandolo."

"Ndikathandize anthu ondilanda munda? Ndapenga?"

"Unapenga kalekale, lero n'chiyani?"

Atamaliza anazika chikwangwani chachikulu cha malata cholemba kuti osadula mitengo, osalima. Kunabwera galimoto ya a bungwe lija, anajambula zithunzi, a Nyirenda atavala jekete kutentha konseko. Timbande tinali tofika m'bondo, tili ndi timipanda ta bango toteteza mbuzi. Ndinganame bwanji, zinkaoneka bwino.

Disembala

Chimanga chitangofika m'bondo kunachita ng'amba. Kumwamba kunayera mbee, masamba n'kupota ngati a anyezi. M'minda ya anzanga munalowanso mbozi, anthu n'kumathira phulusa, dothi, ngakhale msuzi wa bonya kuti nyerere zibwere kudzadya mbozizo. Ena anabzalanso, mbewu n'kupsera pansi.

Munda wanga unapirira. Timadzi tochepa timene tinagwa tinkaima m'mizere yopingasa ija m'malo mothamangira kukhwawa, ndipo ndikakanda ndi chala pansi pamakhala pachinyezi. Sindinauze munthu. Ndikanati ndinene, a Nyirenda akanaitanitsa miting'i.

Kumsika chidebe cha chimanga chinayamba kukhala ndi mitengo iwiri, wa m'mawa ndi wa madzulo. Ukazengereza kuti ukafunse kaye kwina, pobwerera umapeza wavenda wasintha maganizo. Chimanga chathu cha chaka chatha chinatha Khirisimasi isanafike, ndipo tsikulo tinadya zimene timadya Lachiwiri lililonse.

Chimene ndimakumbukira kwambiri mwezi umenewo ndi fungo la masuku. Mitengo ya kumanda ndiyo nkhalango yokhayo imene inatsala m'phiri monse: mibawa, mikuyu, misuku, yonse yothithikana. Masuku ankagwa n'kumaolera pansi, fungo n'kumandipeza ndikupalira, m'mimba muli kulira. Panalibe mpanda, panalibe mlonda, panalibe chikwangwani. Koma palibe amene ankatolamo suku limodzi kapena kankhuni kouma. Anthu anjala ankadutsa m'njira n'kuyang'ana kumbali.

Januwale

Njala ya m'tauni siionekera kutali, pakuti anthu amasamba n'kuvala bwino. Umaidziwira kuchigayo. Kunasiya kumveka phokoso, ndipo madeya amene tinkagulira nkhuku anayamba kugulidwa ndi amayi ovala bwino, aliyense akunena kuti ndi a nkhuku. Nkhuku zake ziti, popeza tonse tinali titagulitsa? Ufa tinkagula wa m'timapepala tija timati wokumani, wongokwana mkute wa mwana. Tinkadya kamodzi, madzulo, kuti tulo tibwere.

Kumsika wa boma anthu ankafola mzere kuyambira m'mamawa, chimanga n'kutha usanaone sikelo. Mphekesera ndiye zinkakolola bwino kuposa minda. Tinamva kuti kukubwera malole a chimanga kuchokera kunja. Tinamva kuti malolewo agwidwa pamalire. Kenaka tinamva kuti a Nyirenda agulitsa phiri kwa munthu wina wachuma woti amangepo malo ogona alendo, ndipo mitengoyo ndi yokongoletsera malo akewo. Imeneyo ndinaifalitsa nawo ndi mtima wonse, ngakhale ndinkadziwa kuti bambo aja sangagulitse ngakhale ndodo yawo.

Pakati pa mwezi bungwe lija linati chimanga cholipira ntchito chatha. Falesi analandira gawo lomaliza, anakagayitsa lonse osakonola kuti lichuluke, n'kumanga thumba lake pamtanda wa denga kuopa makoswe. Ankatapa ndi kapu ya tiyi.

Chimanga chitangosiya kubwera, ntchito yonse ya komiti inayamba kubwerera m'mbuyo. Timipanda ta bango tinapita kukasonkha moto. Mbande zinazulidwa, anthu n'kuunda mizere ya mbatata pomwepo. Miyala yotchingira zigwembe inatsika pa wilibala kukagulitsidwa kwa omanga nyumba. Mitengo ingapo ikuluikulu imene inatsala kumtunda kwa khwawa inasanduka makala. Ndipo amene ankachita zimenezi si alendo ayi, ndi omwe aja anabzala. Chikwangwani chinasowa Lamulungu anthu ali kutchalitchi, ndipo ndikudziwa bafa imene chinakakhala chitseko chake.

Febuluwale

Mvula inabwerera, yambiri. Chimanga changa chinamasula, chinabereka, china ziwiriziwiri. Chiyambire kulima m'phirimo ndinali ndisanaone chotero. M'malo mosangalala ndinasowa mtendere. Akuba anali atayamba kuthyola m'minda ya anthu chisanakhwime n'komwe, ndiye ndinkakwera phiri m'mawa, kutsika kukayala tomato, kusiyira Falesi benchi, kukweranso. Ndikakhala kumunda mtima uli kumsika, ndikakhala kumsika mtima uli kumunda. Ndinaonda kuposa amene analibe munda.

A Nyirenda anaitanitsa miting'i ina. Anabwera opanda jekete, ataonda nawonso, ndipo mwambi sananene. Anangofunsa kuti titani, popeza khwawa layamba kale kudya m'mbali. Ena anati tilembe alonda. Adya chiyani? Ena anati wopezeka akudula alipire chindapusa. Alipira ndi chiyani?

Ndiye anaimirira a Makwinja, mkulu wa adzukulu, bambo osayankhulayankhula amene amakhoma zidebe pamsika.

"Ife kumanda malo atithera," anatero. "Masiku ano tikumakumba n'kupeza mnzathu wakale, n'kukwiriranso. Ndiye ndimati, malo a m'mbali mwa khwawawo angolowa kumanda. Mitengo ya kumanda mwaionapo itadulidwa?"

Anthu anayang'anana, kenaka onse anayang'ana ine. Munda wogundana ndi manda unali wanga.

A Nyirenda maso anawala. "Ndiye tikhoza kulengeza lero lomwe, n'kuika bawundale yatsopano."

"Ayi bwana," anatero a Makwinja. "Manda salengeza. Mukhoza kuzika zikhomo, amfumu n'kuvomera, anthu azidulabe. Malo amakhala manda pokhapokha pagone munthu."

Ndinaimirira.

"Ndiye mwakhala pano anthu akuluakulu kudikirira maliro pamunda panga? Chimanga chili m'munda, inu mukuonapo mitumbira? Amene akufuna kukagona pamenepo ayambe wapha ine."

Ndinachoka miting'i isanathe. Falesi anandipeza panjira, akupuma movutikira, pakuti njala inali itamudya miyendo.

"Usawakwiyire. Madzi akafika kumunsi kuja sitigona, iwe sudziwa."

"Nawenso uli mbali yawo?"

"Ine ndili mbali ya mondokwa. Chikakhwima undiotchere choyamba, ndisiya kukuvutitsa za mizere."

"Bodza."

"Bodzadi," anatero, n'kuseka.

Malichi

Mvumbi unayamba ngati masewera. Masiku angapo dzuwa osaoneka, mphepo ikuwomba mbali zonse, zovala zosauma, makala osayaka. Pawailesi ankati kukubwera namondwe, anthu a m'mbali mwa mitsinje asamuke. Asamukire kuti? Amayi achikulire a kwawo kwa Falesi ankanong'ona za Napolo, kuti akafuna kutsika m'phiri sapempha njira. Ine nkhawa yanga inali chimanga, kuti mphepo ichigwetsa. Chinali chitafika pa mondokwa, koma mvula sinandipatse mpata wokathyola.

Tsikulo kunali kutacha ndithu, ndikukhuthula mabeseni a madzi odontha. Ndinamva chiphokoso kumtunda ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Nditatuluka ndinaona khwawa litasanduka chinthu china, matope ofiira, zitsa, miyala ikuluikulu ikugubuduzika. Madzi saiwala khwawa, koma tsiku limenelo khwawa linawachepera.

Anthu a kumunsi ankathamangira kusukulu. Ndinatsika kukafuna Falesi, ndipo ndinakumana naye panjira atasenza mphasa ndi kachikwama, atanyoweratu. Mtima unakhala pansi. Kenaka anaima.

"Tagwira izi. Ndaiwala ufa."

"Usiye, ukadya kwathu."

"Kwanu kuli chiyani? Uli pamtanda pompaja, ndingodula chingwe."

Anandisiyira katundu m'manja n'kutsetsereka. Madzi anali asanalowe m'nyumba mwake, koma anali atafukula kale pansi pa khoma la kumbuyo. Ndinaona denga likupendekeka pang'onopang'ono, kenaka linakhala pansi. Azibambo a m'deramo anamutulutsa chakumasana atamwalira kale, thumba la ufa lili m'manja.

Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinkangoyenda, kusukulu, kunyumba, kusukulu, mphasa yake ndili nayobe kukhwapa mpaka mayi wina anachita kundilanda.

Siwa inakhala m'kalasi, mbali ina anthu othawa madzi, mbali ina ife ndi Falesi. Mwambo wathu m'tauni muno ndi woti munthu akamwalira amapita kwawo. Koma mchimwene wake atapezeka pafoni anati msewu wa ku Phalombe waduka, milatho yapita, iwonso kumeneko akufukula anthu awo. Anati muikeni konko, Mulungu ndi mmodzi.

M'mawa mwake ndinaona a Makwinja, a Nyirenda ndi akuluakulu a mpingo ataima pakhonde la kalasi akuyankhula motsitsa. Ndikayandikira ankasiya. Ndinamvako zoti mwina apeze galimoto yopita kumanda a khonsolo kutali uko, koma galimoto yake iti, misewu ili matope okhaokha? Ndinamvanso a Makwinja akuti ayesa kufinya pakati pa mitumbira iwiri yakale, ngakhale sakulonjeza chimene akapeze pansipo. Palibe amene anandipempha kanthu. Palibe ngakhale amene anandiyang'ana. Zimenezo ndiye zinandipweteka kuposa kundipempha.

Ndinapita kunyumba. Bambo a Tadala anandiona ndikusolola chikwanje kudenga.

"Mwaganiza bwino, amake Tadala?"

"Ndikaganiza sindipita."

Anavala nsapato zawo za ulonda n'kunditsatira.

Kumtunda kunali kosaoneka bwino. Tsidya lina la khwawa, kumene anazula mbande n'kubzala mbatata, nthaka inali itachoka mpaka pathanthwe. Munda wanga unalipo. Vetiva uja anali atagwira matope mzere ndi mzere, chimanga chitaweramira mbali imodzi koma chili chiimire, zitsononkho zonenepa ngati mkono wa mwana. Ndinaima pamenepo ndikuchiyang'ana, ndipo ndinachikonda kuposa kale lonse.

Ndikanatha kudula pangodya ya kumtunda, pogundana ndi manda akale, kuti adye kangodya kokhako, kwinako ndizilimabe mpaka maliro ena. Ndinaganizako zimenezo, sindikana. Koma ine si munthu wotha kudikira chinthu chikundidya pang'onopang'ono, ndipo ndikayang'ana tsidya lija mkwiyo unkandigwira. Ndinayenda mpaka kumapeto kwenikweni kwa munda, pamalo okwera poyang'anana ndi nyumba za kumunsi, n'kuyamba kudula.

A Makwinja anafika ndi anzawo atanyamula makasu ndi mapiki. Wina anali atawauza. Anayang'ana pamene ndadula, anayang'ana kumene kuli manda akale, kutalika kwa munda wonse pakati pake.

"Mayi, mukudziwa kuti tikakumba pano, zonse za kumtundaku zalowa kumanda?"

"Ndikudziwa. Apa pakwana?"

"Pakwana."

Inali mizere iwiri.

Amfumu anapereka khasu, adzukulu anakumba. Chimanga chimene ndinadula adzukuluwo sanalole kuti chitsike kumudzi, anasonkha moto pomwepo n'kuotcha, monga amadyera chakudya chawo kumanda. Ndinatenga chimodzi chonenepa, ndinachiotcha ndekha, koma kudya kunandikanika. Masana tinakwera naye Falesi, amayi a mvano akuimba, anthu akudutsa m'mizere mosamala kuti asathyole mapesi. Dothi loyamba litagwa pabokosi ndi pamene ndinalira, ndipo anachita kundigwira anthu awiri.

Epulo

Dzuwa linabwerera ngati silinalakwe. M'phiri monse minda imene inapulumuka madzi inamalizidwa ndi akuba, anthu mpaka kukolola chosauma kuti apezeko kanthu. M'munda mwanga simunasowe chitsononkho ngakhale chimodzi. Ndinasiya kulondera. Chimanga chinauma chili chiimire mozungulira mtumbira umodzi wa nkhata zofota, ndipo anthu odutsa m'njira ankayang'ana kumbali.

Vuto linali loti nanenso sindikanangolowamo. Ndinapita kwa a Makwinja pamsika, ndinawapeza akukhoma chidebe.

"Chimanga chija nditani nacho? Chiolere momwemo ngati masuku?"

Anaika hamala pansi. "Munabzala iye asanagone. Kololani, ife tikuperekezani. Koma mapesi musatenthe, ndipo khasu lanu lisadzagwenso pamenepo."

Tinakolola ndi adzukulu atatiimirira. Matumba anachuluka kuposa chaka china chilichonse, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso, kuti munda udikire chaka chomaliza kuti uonetse mphamvu zake. Amayi ena pampopi ankati iwo sangadye chimanga cha kumanda. Omwewo madzulo ankatumiza mbale. Msewu utatseguka mchimwene wa Falesi anabwera kudzaona pamene panagona mlongo wake, ndipo anabwerera ndi thumba limodzi pa minibasi.

Meyi

Komiti inadzukanso, koma ulendo uno popanda galimoto, popanda zithunzi. Oumba njerwa anabweza miyala, a kumzikiti anabwera ndi nsungwi, amayi a mvano anadzaza machubu a mbande kuseri kwa tchalitchi kudikira mvula ina. Eni minda ya tsidya lija, ataona thanthwe limene linatsala, sanakanenso kuti malire a manda awoloke khwawa. A Nyirenda anabwera kwathu kudzathokoza, chipewa chili m'manja, ndipo ndinawauza kuti akathokoze kumtunda, ine sindinawachitire iwo. Anangoti, "Ndamva, mayi." Pambuyo pake ndinawatumizira ufa woyera pang'ono, chifukwa ndinaona kolala ya malaya awo mmene inkalendewera.

Zaka zadutsapo tsopano. Pamene panali munda wanga pali nsungwi zotalika kuposa nyumba, mibawa ndi mitengo ina imene inangomera yokha. Falesi ali ndi anzake ambiri kumeneko. Palibe chikwangwani, ndipo palibe amene anathyolapo ngakhale kanthambi. Mvula ikagwa khwawa limadzazabe, koma limabwera ndi madzi, osati miyala, ndipo a kumunsi amagona. Alendo akabwera kudzaona, a Nyirenda amawauza za mgwirizano wa anthu a m'dera lino. Sanama ayi. Amangodumpha pena.

Ine ndimachita lendi kamunda kutali, mbali ya ku Nguludi, koyenda ndi minibasi, ndipo chimanga chake sichifika Khirisimasi. Mwezi wa Januwale ukafika, ndikamagula wokumani, mtima umawawabe. Ndinganene kuti ndinazolowera, koma ndinganame.

Kumunda kwanga ndimalowako kamodzi pachaka, tsiku lolambula kumanda, adzukulu akatsegula njira. Vetiva uja akadalipo, mizere yake yopingasa ikuonekabe pansi pa mitengo. Anzanga amapita kwa abale awo, ine ndimatsika mpaka kumapeto, pamtumbira woyamba. Ndimazula udzu, ndimasesa, n'kusesanso pamene ndasesa kale. Ndikaona kuti palibe akundimva ndimamuuza.

"Iwe Falesi, wadyera iwe. Unkati mizere iwiri basi. Taona, watenga munda wonse."